Nyengo siyezedwa ndi kafukufuku wa zaka zitatu

Mu 1991, ofufuza a ku Harvard Forest, m'chigawo cha Massachusetts ku United States, anakwirira mawaya a magetsi m'nkhalango, masentimita 10 pansi pa nthaka. Ankafuna kuti dothi la m'mapuloti ena (timagawo ta nkhalango toyezerapo) lizikhala lotentha ndi madigiri 5 kuposa dothi loyandikana nalo, usana ndi usiku, chaka chonse, kuti aone ngati tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso tingayambe kuoletsa zinyalala mofulumira n'kumatulutsa mpweya wochuluka wa carbon dioxide, umene umatenthetsa dziko. M'mapuloti ena anakwiriramo mawaya omwewo koma osawalumikiza ku magetsi, kuti asasokoneze zotsatira za kukumba ndi zotsatira za kutentha.

Zaka 10 zoyambirira, dothi lotenthetsedwa linatulutsadi mpweya wambiri kuposa linzake. Kuyambira 2001 mpaka 2007 kusiyanako kunazimiririka, ngati kuti magetsi azimitsidwa. Mu 2008 kunayambiranso, n'kupitirira mpaka 2013, kenako zii. Wofufuza Jerry Melillo ndi anzake atafalitsa zotsatira mu 2017, patatha zaka 26 akuyeza, anapeza kuti dothilo linali litataya pafupifupi 17 peresenti ya kaboni amene anali m'masentimita 60 a pamwamba, amene anatuluka ngati mpweya uja. Malinga ndi kufotokoza kwawo, tizilomboto tinayamba tatha chakudya chosavuta kuola, kenako panapita zaka mitundu ya tizilomboto ikusinthana, mpaka panachuluka ina yotha kuoletsa zinthu zolimba.

Taganizirani ophunzira awiri, wina atayeza dothi limeneli kuyambira 1992 mpaka 1995, wina kuyambira 2002 mpaka 2005. Onse ndi oona mtima ndipo zipangizo zawo n'zabwino. Woyamba akanalemba kuti kutentha kukukhuthula kaboni wa m'dothi. Wachiwiri akanalemba kuti dothi limazolowera, palibe choopa. Onse akanalandira madigiri awo a ku yunivesite, koma palibe akanadziwa chimene chikuchitikadi m'nkhalangomo.

Komatu kafukufuku wambiri wa zachilengedwe amayendera zaka zimenezi. Thandizo la ndalama nthawi zambiri limakhala la zaka 3 kapena 5, digiri ya PhD imatenga nthawi yofananayo, ndipo opereka ndalama amafunsa kuti chatsopano n'chiyani. Munthu amene akupempha ndalama zoti akayezenso mitengo yomweyo, ndi tepi yoyezera yomweyo, kachisanu ndi chiwiri, amaoneka ngati wasowa chochita. Ife tikuti maganizo amenewa ndi olakwika. Zinthu zodalirika kwambiri zimene sayansi ikudziwa pa mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira nkhalango, nyanja ndi nyama zachokera ku ntchito yotopetsa yoyeza chinthu chimodzi, pamalo amodzi, m'njira imodzi, kwa zaka makumimakumi. Ndipo ntchito imeneyi ndi imene imayamba kudulidwa thumba likaphwa.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Dziko likutentha ndi kachigawo kochepa ka digiri pa zaka 10 zilizonse, pamene chaka china chimatha kusiyana ndi chinzake ndi digiri yathunthu pamalo amodzi. El Niño, kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, amabwera patatha zaka ziwiri mpaka 7 n'kusokoneza mvula m'madera ambiri a dziko lapansi. Kafukufuku wa zaka zitatu akagwera pa El Niño amayeza El Niñoyo basi. N'chifukwa chake bungwe la World Meteorological Organization limatenga zaka 30 pofotokoza nyengo yokhazikika ya malo, ndipo panopa likugwiritsa ntchito 1991 mpaka 2020. Ngati mvula ndi kutentha zimafuna zaka 30, nanga mtengo umene umakhala zaka mazanamazana?

Amene sanaionepo ntchitoyi amaiyesa yophweka, choncho tiyeni tione mmene nkhalango ya kumadera otentha imayezedwera. Puloti imakhala hekitala imodzi, kawirikawiri mamita 100 mbali zonse, ndipo imagawidwa m'tizigawo 25 ta mamita 20 kwa 20. Mtengo uliwonse umene thunthu lake lafika masentimita 10 m'mimba mwake umapatsidwa nambala. Ku Amazon mitengo yotere imatha kupitirira 500 pa hekitala imodzi, ndipo kumadzulo kwa nkhalangoyo kuli malo amene mitundu yake imayandikira 300. Thunthu limayezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi. Pamene padutsa tepi amapakapo penti kuti wobwera patsogolo adzayeze pomwepo. Kachitsulo ka nambala amakakhomera masentimita 30 pamwamba pake, chifukwa mtengo umatupa pamene palowa msomali ndipo chotupacho chimanamiza tepi. Msomali amausiya utatuluka pang'ono, apo ayi khungwa limameza nambala m'zaka zochepa.

Vuto lalikulu ndi mitengo ikuluikulu imene ili ndi mizu yotambalala ngati mapiko, yokwera m'thunthu. Tepi ikazungulira pa mapikowo, muyezo umakhala wabodza. Lamulo n'lakuti muyeze masentimita 50 pamwamba pa pamene mapiko athera, ndipo pamenepo pamafunika makwerero. Koma mapikowo amakwera chaka ndi chaka. Akafika pa penti, malo oyezera amayenera kusamutsidwa, ndipo chaka chimenecho mtengo uyenera kuyezedwa pawiri, pamalo akale ndi pamalo atsopano. Akaiwala kutero, kaundula amasonyeza kuti mtengo wachepa, popeza thunthu limaonda likamakwera. Akalekerera n'kumayezabe pamalo akale, kaundula amasonyeza mtengo umene ukunenepa modabwitsa. Popeza kaboni wambiri wa puloti amakhala m'mitengo ikuluikulu yowerengeka, kulakwitsa pa mitengo isanu yokha kungasinthe yankho la puloti yonse. Kumbukiraninso kuti mitengo yambiri imangowonjezera mamilimita ochepa pa chaka. Tepi yopendekeka, chomera choyanga chimene chalowa pansi pa tepi, kapena kuyeza m'chilimwe pamene ulendo wapitawo munayeza m'dzinja thunthu litakhuta madzi, chilichonse mwa izi chimaposa kukula kwenikweniko.

Palinso zolakwika zimene siziwoneka pa pepala. Mtengo umene sunapezeke, kodi wafa kapena angoulumpha? Payenera kupezeka chitsa kapena chipika, ndipo palembedwe ngati unafa uli chiimire, unathyoka kapena unazuka. Puloti ikaikidwa pamalo amene ofufuza anawasankha chifukwa mitengo yake inali yokongola, m'tsogolo idzaoneka ngati ikuwonongeka, popeza malo amene ali pachimake sangakwerenso. Ndipo mukadikira zaka 10 osabwerera, mitengo imene inakula kufika pa masentimita 10 n'kufa pakati pa maulendo awiriwo siilowa m'kaundula n'komwe.

Phindu la khama limeneli ndi lotani? Mu 2015, Roel Brienen ndi anzake, pogwiritsa ntchito mapuloti 321 a ku Amazon, anasonyeza kuti mphamvu ya nkhalangoyo yosunga kaboni watsopano inali itatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi zaka za m'ma 1990, makamaka chifukwa mitengo inayamba kufa msanga. Mu 2020, Wannes Hubau ndi anzake anawonjezerapo mapuloti 244 a m'maiko 11 a mu Africa, mitengo yonse pamodzi pafupifupi 300,000, ndipo anapeza kuti nkhalango za mu Africa zinapitiriza kumwa kaboni kwa nthawi yotalikirapo, ngakhale zizindikiro za kufooka zinayamba kuoneka pambuyo pa 2010. Nkhalango ziwiri zimene anthu ambiri amaziika m'gulu limodzi zinapezeka kuti zikuyenda misinkhu yosiyana.

Wina anena kuti zonsezi n'zachikale, masetilaiti amaona dziko lonse m'masiku owerengeka. Mfundoyi ili ndi mphamvu ndithu. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo pa nkhani ya kudula mitengo ndi moto wolusa palibe chimene chingawapose. Koma setilaiti imayeza kuwala kobwerera kuchokera pamwamba pa masamba, zina zonse n'kutanthauzira. Mu 2005 ku Amazon kunagwa chilala choopsa. Kafukufuku wina wa mu 2007, wodalira zithunzi za chipangizo cha pa setilaiti chotchedwa MODIS, ananena kuti nkhalangoyo inabiriwira kwambiri nthawi ya chilalacho. Mu 2010 ofufuza ena anati zithunzi zambiri zinali zitasokonezedwa ndi mitambo ndi utsi. Mu 2014 enanso anasonyeza kuti kubiriwira kwa m'chilimwe kumatha kuoneka chabe chifukwa cha kumene dzuwa laima poyerekeza ndi kamera. Mkangano wa masambawo unapitirira. Pamene anthu ankakangana choncho, magulu a tepi anali atabwerera kale kumapuloti, ndipo Oliver Phillips ndi anzake anafalitsa mu 2009 kuti kumene chilala chinakula, mitengo inafa yambiri ndipo nkhalango inataya kaboni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale kumene masetilaiti amagwira bwino ntchito, amatsamira pa munthu amene walowa m'madzi. Makorali, tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga matanthwe, amayera n'kuyamba kufa madzi akatentha, chifukwa amatulutsa ndere zimene zimakhala m'thupi mwawo n'kumawadyetsa. Bungwe la NOAA, la boma la United States loona za nyanja ndi nyengo, limawerengera kutenthako motere: madzi akapitirira ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pa kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri wa pamalopo, amaphatikiza madigiri owonjezerawo pa masabata 12 apitawo. Chiwerengero chikafika 4 amayembekezera kuyera, chikafika 8 amayembekezera imfa zambiri. Koma mu 2016, pamene Great Barrier Reef, mzere waukulu wa matanthwe a makorali ku Australia, inataya pafupifupi 30 peresenti ya makorali ake a m'madzi osaya pakati pa Malichi ndi Novembala, gulu la Terry Hughes linapeza kuti mitundu ina inayamba kufa chiwerengerocho chili pa 3 kapena 4. Setilaiti inayeza madzi molondola. Amene anaona kuti malire aja ndi okwera kwambiri ndi anthu amene anabwerera pa matanthwe omwewo patatha miyezi 8 n'kuwerenganso.

Kaundula wautali ali ndi lamulo limodzi lopweteka: musasinthe njira, ngakhale mutapeza ina yabwinopo. Chipangizo chotchedwa Continuous Plankton Recorder, chimene Alister Hardy anayamba kugwiritsa ntchito mu 1931, chimakokedwa ndi sitima zamalonda, osapitirira mamita 10 pansi pa madzi. Madzi amalowa pa kabowo kakang'ono n'kudutsa pa nsalu ya silika imene imakulungika pang'onopang'ono, tizamoyo ting'onoting'ono totengeka ndi madzi, totchedwa plankton, timakodwa pansaluyo n'kusungidwa ndi mankhwala a formalin. Kumtunda nsaluyo imadulidwa m'zidutswa, chilichonse choimira mtunda wa mamailo 10 a panyanja, ndipo anthu amawerenga tizamoyoto pa maikulosikopu. Aliyense akudziwa kuti mabowo a nsaluyo amaphonya tizamoyo tating'onoting'ono kwambiri. Sanaisinthe, chifukwa akanasintha, palibe akanadziwa ngati chasintha ndi nyanja kapena nsalu. Mu 1989 bungwe la boma la Britain lothandiza kafukufuku wa zachilengedwe linasiya kulipirira ntchitoyi, ndipo inapulumuka chifukwa anthu anakhazikitsa bungwe lapadera loti liipitirize. Patangotha zaka 13, mu 2002, Grégory Beaugrand ndi anzake anasonyeza kuchokera m'kaundula yemweyo kuti plankton ya madzi ofunda kumpoto chakum'mawa kwa Atlantic inali itasunthira kumpoto mtunda wopitirira makilomita 1,000 m'zaka 40. Mu nyanja ya North Sea, mtundu wa plankton umene ana a nsomba za cod amadalira unachepa, ndipo umene unalowa m'malo mwake umachuluka mochedwa, anawo atadutsa kale msinkhu wousowa. Amene anadula ndalama mu 1989 ankatseka chitseko yankho lili pakhomo.

Ngakhale mzere wotchuka wa miyezo wa Charles David Keeling, amene anayamba kuyeza carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 ali pafupifupi 315 ppm (magawo 315 pa magawo miliyoni a mpweya), ndipo lero wadutsa 420, uli ndi chipsera. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo 1964 palibe miyezo, chifukwa ndalama zinadulidwa. Mpweya wa miyezi imeneyo sudzayezedwanso. Madzi akatayika saoleka.

Mfundo yotsutsa imene timaipatsa ulemu kwambiri ndi yakuti kaundula wautali amangosonyeza kuti zinthu ziwiri zasinthira pamodzi, osati kuti china chachititsa chinzake. N'zoona, ndipo ofufuza ena amathamangira kuloza chala nyengo. Chule wagolide wa ku Monteverde, ku Costa Rica, anaoneka komaliza mu 1989, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene anawerengedwa pafupifupi 1,500. Kwa zaka zambiri ankatchulidwa ngati nyama imene yatha chifukwa cha kutentha kwa dziko. Kenako kunadziwika kuti matenda a fangasi otchedwa chytrid ankafalikira m'mapiri a ku Central America ngati mliri, ndipo kafukufuku wa mu 2010 analoza chilimwe chouma cha El Niño wa 1986 mpaka 1987. Nkhaniyi sinathe bwinobwino, ndipo chifukwa chake chikuthandiza mbali yathu: chuleyo asanazimiririke panalibe amene ankayeza matendawo, chinyezi cha m'madambo ake ndi chiwerengero chake chaka ndi chaka. Mlandu umavuta kuweruza mboni zikasowa.

Onani kusiyana kwake pamene mboni zilipo. Ku Wytham Woods, pafupi ndi Oxford ku England, kambalame kotchedwa great tit kakhala kakutsatiridwa kuyambira 1947, ndipo mabokosi a zisa pafupifupi 1,000 amayenderedwa nyengo iliyonse yoswana. Anapiye ake amadya mbozi za m'mitengo ya oak, zimene zimachuluka kwa masabata ochepa chabe. Pakati pa 1961 ndi 2007 mbalamezi zinayamba kuikira mazira masiku pafupifupi 14 msanga, mofanana ndi mmene mbozi zinafulumirira. Ku Hoge Veluwe, ku Netherlands, Marcel Visser ndi anzake anapeza mu 1998 kuti mbozi zinafulumira koma mbalame za mtundu womwewo zinatsalira. Anadziwa zimenezi chifukwa ankayezanso mbozizo, potchera nsalu pansi pa mitengo n'kumayeza kulemera kwa ndowe zimene zagwerapo. Mtundu wa mbalame ndi umodzi, mayankho ndi awiri. Ndipo atapitiriza kuwerenga, anapeza mu 2013 kuti chiwerengero cha mbalame ku Hoge Veluwe sichinagwe monga ankaopera, popeza anapiye akachepa, otsalawo amalimbirana chakudya ndi anzawo ochepa ndipo ambiri amapulumuka. Kaundula wautali amatha kutsutsa mantha a eni ake omwe, chinthu chimene pulogalamu ya pakompyuta yolosera za m'tsogolo siingachite payokha, chifukwa imabweza zimene mwaiuza.

Chodandaulitsa n'chakuti makaundula otere aunjikana ku Ulaya ndi ku North America, pamene mitundu yambiri ya zamoyo ili kumadera otentha. Nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita pafupifupi 1,470, ndi chitsanzo. Madzi a pamwamba akafunda amapepuka, sasakanikirana bwino ndi a pansi amene ali ndi chonde, ndipo ndere zimene zimadyetsa zamoyo zonse za m'nyanjamo zimachepa. Mu 2003 Catherine O'Reilly ndi anzake anayerekeza kuti kuchepako kunali pafupifupi 20 peresenti. Ena anatsutsa, nati kusintha kwa nsomba zogwidwa kukuchokera ku njira za usodzi. Mkanganowo unatalika chifukwa miyezo ya kutentha kwa madzi inali yolumikizalumikiza, yochokera ku maulendo apatalipatali kuyambira 1913, aliyense ndi zipangizo zake. Mpaka mu 2016 gulu la Andrew Cohen linachita kukumba matope a pansi pa nyanja, osunga mbiri ya zaka 1,500, kuti lipeze umboni umene boti limodzi loyeza madzi mwezi ndi mwezi likanapereka mosavuta.

Zoyenera kusintha sizifuna nzeru zakuya. Ntchito yoyeza mosalekeza izilipiridwa monga zimalipiridwira nyumba zosungiramo mabuku kapena malo oyezera nyengo, ndi mapangano a zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo poiunika azifunsa ngati miyezo ili yathunthu ndi yolondola m'malo mofunsa kuti yatulutsa nkhani zingati zogwedeza. Mayunivesite aziwerengera kusamalira kaundula ngati ntchito yokwezera munthu paudindo. Amene amayenda masiku angapo kukafika kupuloti, amene amadziwa mitengo mazana poona khungwa ndi kununkhiza tsamba, azilandira malipiro okhazikika ndipo mayina awo aziwoneka pa zofalitsidwa. Masiku ano amene amatsitsa manambala pa intaneti n'kuwasanthula pakompyuta amatchuka kuposa amene anawatolera, ndipo kunena kuti manambala akhale aulere kwa aliyense popanda kunena amene adzalipire ulendo wotsatira n'kukolola m'munda umene simukuupalira.

Kenako pali tinthu ting'onoting'ono timene timapha makaundula mwakachetechete. Chipangizo chatsopano choyezera kutentha chizigwira ntchito pambali pa chakale kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo chakalecho chisanachotsedwe, kuti kusiyana kwawo kudziwike m'nyengo zonse. Mapepala a kutchire azijambulidwa n'kusungidwa m'malo awiri osiyana, ndipo zolembedwa m'mphepete, monga zakuti tepi inasamutsidwa kapena mtengo unayezedwa ndi maso chifukwa cha njuchi, zisatayidwe polowetsa manambala m'kompyuta. Ngodya za puloti zikhale ndi zikhomo zachitsulo kapena zapulasitiki, popeza GPS imasochera ndi mamita angapo pansi pa mitengo yowirira ndipo mitengo ya m'malire imalowa ndi kutuluka m'kaundula. Mtsogoleri wa gulu akamapuma pantchito, iye ndi womulowa m'malo ayeze limodzi ulendo umodzi wathunthu, mtengo ndi mtengo, chifukwa zambiri za mmene tepi imagwiridwira pa thunthu lopindika sizinalembedwe paliponse.